Kalata yotseguka: musatiwerenge ngati anthu ongokhala, tikudwazika matenda

Kwa Olemekezeka Nduna yoona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, Nduna ya Zaumoyo, Nduna ya Zachuma, ndi aphungu onse a Nyumba ya Malamulo,

Ndikupatsani moni mwaulemu, ndipo ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala m'mudzi wina woyandikana ndi kamsika ka m'mbali mwa msewu m'chigawo chapakati. Dzina langa ndasiya dala. Nkhani ndikambeyi ikukhudza thupi la mayi anga ondibereka, ndipo iwo sangathenso kundiuza ngati alola kuti dziko liwadziwe. Ndalemba poyera kuti anzanga odwazika matenda, amene ali m'makhonde a zipatala ndi m'nyumba zotseka zitseko m'midzimu, aimve ndi kuitumizirana mpaka ikufikeni. Paja akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi chigwereni mayi anga. BP idakwera ali kumunda, adagwa, ndipo mbali yonse ya kumanja idafa. Mawu adapita nawo. Nthawi imeneyo ndinali ndi benchi yanga pamsika, ndinkagulitsa tomato, anyezi ndi usipa, ndipo ana anga awiri sankagona ndi njala. Lero tsiku langa limayamba 4 koloko m'mawa. Ndimawasintha, kuwasambitsa, kuwapaka mafuta pamsana ndi m'zidendene kuti pasatuluke zilonda. Anamwino adandiphunzitsa kuti munthu wogonera pamphasa azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo ndimayesetsa kutero. Phala la kapu imodzi limatha ola lathunthu chifukwa amatsamwa msanga. Kenaka kuchapa: zitenje, mabulangeti, pepala lapulasitiki loyala pamatiresi. Nyengo ya dzinja zofunda siziuma, ndimaziwamba pamoto wa makala omwe ndikadaphikira ndiwo. Mpamba wanga udatha m'miyezi isanu ndi itatu. Ku banki m'khonde ndidatuluka ndekha, manyazi atandigwira, chifukwa ndinalibenso choponya.

Mchimwene wanga ali ku Joni, amatumiza akapeza. Mng'ono wanga adakwatiwa kutali ndipo ali ndi khanda. Anthu a m'mudzi ndi a kumpingo adabwera kudzazonda mwezi woyamba ndi wachiwiri, ena ndi kaufa, ena ndi kasopo, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma mudzi wathu udakonzekera maliro, sudakonzekere matenda a mgonagona. Munthu akamwalira uthenga umafika kwa amfumu, khomo lililonse limasonkha ufa ndi nkhuni, adzukulu amakumba manda, amayi amagona pasiwa. Munthu akagona zaka zisanu ndi chimodzi palibe amene amalengeza msonkhamsonkha. Pamatsala munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri amakhala mkazi. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lidapeza mu 2018 kuti padziko lonse, pa maola anayi alionse a ntchito yosamalira anthu yopanda malipiro, atatu amagwira ndi akazi. Ife kuno sitidasowe kafukufuku kuti tidziwe zimenezo.

Dandaulo langa loyamba, lomwenso ndi lalikulu, likukhudza Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi ndimailemekeza. Idayamba ku Mchinji mu 2006, idafalikira m'maboma onse 28, ndipo ndaona ndi maso anga agogo ena akugula mbuzi ndi kufolera nyumba chifukwa cha ndalama imeneyi. Koma taonani momwe mumasankhira. Mumatenga mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse, amene ndi osaukitsitsa komanso opanda wogwira ntchito. Banja lopanda wogwira ntchito mumati ndi lomwe mulibe munthu wamphamvu wa zaka za pakati pa 19 ndi 64, kapena lomwe munthu wamphamvu mmodzi akusamalira anthu oposa atatu. Tsopano werengani pakhomo panga. Pali ine, wa zaka 44, wosadwala, manja ndi miyendo zili bwino. Pali mayi, ndi ana awiri. Ondidalira ndi atatu, sadapose atatu. Olemba kaundula atafika adandiyang'ana, adayang'ana papepala, nkundiuza mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, inu ndinu amphamvu, mukhoza kulima." Sindiwada anyamatawo, ankatsata zomwe adawatuma.

Zoona ndine wamphamvu. Koma mphamvu imeneyo idagwira kale ntchito. Munda wathu uli pa mtunda wa mphindi makumi anayi. Ndikapita kukalima, ndani awatembenuze mayi? Akatsamwa ndi malovu ine kulibe, ndani awadzutse? Chaka chatha ndidayesa, ndinkawasiya ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 12, mpaka tsiku lina ndidapeza mwana akulira, agogo ake atagwa kuchoka pamatiresi iye akulephera kuwanyamula. Pepala lanu limawerenga munthu wogona pamphasa ndi mwana woyenda yekha kusukulu ngati katundu wofanana. Silifunsa kuti wodwalayo amadya maola angati a munthu wina pa tsiku. Likadafunsa, likadaona kuti pakhomo pano palibe wogwira ntchito ngakhale mmodzi.

Si ine ndekha. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mayi wina amene mwana wake adavulala ubongo pobadwa. Mwanayo ali ndi zaka 11, sakhala tsonga, salankhula. Mayi ake amamubereka kumbuyo popita kumjigo, kuchigayo, kutchalitchi, miyendo ya mwana ikugunda m'mawondo mwawo. Bambo wa mwanayo adachoka kalekale. Pakaundula khomo limenelo lili ndi munthu wamphamvu mmodzi ndi womudalira mmodzi, choncho lili kutali kwambiri ndi mzere wolandira. Kumudzi woyandikana nafe kuli bambo wina wa zaka za m'ma 50 amene akusamalira akazi awo omwe mutu udasokonekera, amaiwala ngakhale ana awo, amatuluka usiku nkusochera. Bambowo amagona pakhomo penipeni kutchinga chitseko. Akuopa zambiri, chifukwa nonse mukudziwa zomwe zimachitikira mayi wachikulire akapezeka ali yekha usiku pakhomo pa eni: anthu amafuula ufiti asanafunse n'komwe.

M'ndondomeko yanu ya Mtukula Pakhomo ya 2022 mpaka 2027 mudalemba zofuna kusintha kasankhidwe kuti muziyang'ananso magulu monga achikulire ndi aulumali. Zimenezo ndi zabwino. Koma ngakhale pamenepo amene akuoneka ndi wodwala yekha. Amene wataya bizinesi, munda ndi tulo chifukwa cha wodwalayo sakutchulidwa.

Dandaulo lachiwiri ndi lanu, Nduna ya Zaumoyo. Palibe chipatala cha boma m'dziko muno chimene chingayende tsiku limodzi popanda magadiyani. Mukudziwa, madokotala akudziwa, anamwino akudziwa. Munthu akagonekedwa funso loyamba limakhala lakuti, "Gadiyani ali kuti?" Amene amasambitsa wodwala ndi gadiyani. Kumudyetsa, kumuperekeza kuchimbudzi, kutaya zoipa, kukankha chikuku kupita kojambula, kuthamangira anamwino madzi a diripi akatha, kukagula mankhwala kufamase akasowa m'chipatala, zonse ndi gadiyani. Mayi atagonekedwa koyamba ndidakhala milungu isanu pachipatala china. Ndinkagona pasimenti pansi pa bedi, nthawi yoyendera odwala ikakwana tinkatulutsidwa kukakhala padzuwa. Kukhitchini ya magadiyani nkhuni zinali zogula, ndipo ndidaona amayi ochokera kutali akusinthanitsa chitenje ndi mulu wa makala. Mayi wina wochokera kumalire adatha masiku atatu akumwa madzi okhaokha, kandalama konse atagulira mwamuna wake mankhwala. Tidasonkherana ufa ife osauka anzake.

Sindikudzudzula anamwino. Namwino mmodzi usiku wonse m'wodi yodzaza mpaka pansi sangathe kutembenuza wodwala aliyense, ndipo ena mwa iwo adandichitira chifundo chomwe sindidzaiwala. Chomwe ndikunena ndi chakuti boma limapulumutsa ndalama zambiri chifukwa cha manja athu. Ntchito yomwe mukadalemba anthu ndi kuwalipira tikuigwira ife ulere, ndipo tikamatuluka m'chipatala ntchitoyo imatitsata kunyumba. Amatiuza kuti "muzikawasamalira kunyumba, muzibwera nawo ku fiziyo kudzawongola ziwalo". Kubwera nawo kumatanthauza kuchita hayala galimoto kapena kulipira mipando itatu m'minibasi, chifukwa munthu wofa ziwalo sakwera kabaza. Ife tidapita kanayi kokha, ndalama idatha, ndipo dzanja la mayi lidapindika mpaka lero.

Tidaona kale zotere. M'zaka zomwe Edzi inkapulula anthu, mankhwala a ma ARV aulere asanayambe mu 2004, amene adanyamula dziko lino anali agogo ndi mavolontiya oyendera odwala m'makomo. Agogo adaika ana awo m'manda nkuyamba kulera zidzukulu. Tidawayamikira m'misonkhano ndi m'nyimbo. Ambiri adamwalira ali osauka kuposa momwe adayambira. Lero matenda asintha, ndi BP, shuga, khansa, impso, koma msana wonyamula ndi womwewo.

Lachitatu ndi lalifupi. Pafupifupi thandizo lililonse la boma limafuna kuti munthu apite yekha akaime pamzere. Ntchito za Mbwezera Chilengedwe zimafuna khasu m'manja m'mawa uliwonse. Feteleza wotsika mtengo amafuna kugona kudepoti. Chimanga cha nthawi ya njala chimagawidwa pasukulu tsiku lonse. Wodwazika sangachoke pakhomo maola oposa awiri, ndiye zonsezi zimamudutsa.

Lachinayi ndi mitengo. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Zinthu zomwe wodwala wa mgonagona amadalira, monga matewera a akuluakulu, magolovesi, mankhwala a zilonda ndi njinga ya olumala, zambiri zimachokera kunja, ndipo zidakwera mosayang'ana m'mbuyo. Matewera ndidasiya kugula. Ndimang'amba zitenje zakale. Magolovesi akatha ndimavala majumbo m'manja. Amene ali ndi mwayi wolandira Mtukula Pakhomo nawonso akudandaula kuti ndalamayo imatha isanafike pakhomo. Komanso chikundidetsa nkhawa ndi chakuti gawo lalikulu la ndalama za ndondomekoyi limachokera kwa abwenzi akunja, monga Banki Yaikulu Padziko Lonse, European Union, Germany ndi Ireland. Tidaona mu January 2025 dziko la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake, momwe ntchito zaumoyo zidagwedezekera. Moyo wa anthu ogona pamphasa usadalire chisankho cha kudziko la eni.

Dandaulo lachisanu ndi la mawa lathu. Lamulo la zolemba anthu ntchito limapereka masabata 8 kwa mayi woyembekezera, ndipo kuyambira 2021 bambo naye amapuma masabata awiri mwana akabadwa. Koma wantchito amene kholo lake lagwa ndi sitiroko alibe tchuthi chomuteteza. Amatha masiku ake a holide, kenaka amasankha pakati pa ntchito ndi kholo. Penshoni ndi ya olembedwa ntchito okha. Ine tsiku lomwe mayi adzapume ndidzakhala ndi zaka mwina 50, wopanda mpamba, msana wowawa, ndi ngongole. Ndipo pomwe palibe munthu wamkulu, ntchito imagwera mwana. Pasukulu ya mwana wanga mtsikana wina wa Sitandade 7, yemwe ankakhoza bwino, adasiya sukulu kuti akakhale gadiyani wa mayi ake. Patha chaka, sadabwerere.

Ndikudziwa mayankho awiri omwe mungandipatse, ndipo ndawaganizira usiku wambiri.

Loyamba mudzati kusamalira makolo ndi chikhalidwe chathu, ndipo kuikapo ndalama kudzaononga umunthu. Olemekezeka, sindikupempha malipiro a chikondi. Mayi anga adandibereka, adandilera okha bambo atamwalira, ndipo ndidzawasamalira kaya mundithandize kaya ayi. Chomwe ndikupempha ndi sopo wochapira zofunda zawo, ufa wa phala lawo, ndi chakudya choti ine ndikhale ndi mphamvu zowanyamulira. Chikhalidwe chomwe timachitama chidali ndi nkhokwe zodzaza, minda yaikulu, ndi abale ambiri pabwalo limodzi. Lero minda yachepa, achinyamata ali kutauni ndi ku Joni, ndipo chikhalidwe chija chatsalira pamutu pa munthu mmodzi.

Lachiwiri mudzati boma lilibe ndalama. Sindikukana kuti chuma chavuta. Koma sindikuyerekeza ndi Britain, komwe munthu wosamalira mnzake maola 35 kapena kuposa pa sabata akhoza kulandira ndalama ya boma yotchedwa Carer's Allowance. Tiyeni tiyang'ane pafupi. Ku Zambia, kungowoloka Mchinji, banja lomwe muli munthu wa ulumali waukulu limalandira kawiri ndalama yomwe mabanja ena a m'ndondomeko yawo amalandira. Ku Kenya boma limapereka ndalama kwa mabanja a anthu a ulumali waukulu kudzera mwa wowasamalira. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri akugwira ntchito, kuli thandizo la mwezi ndi mwezi la kholo kapena mlezi wa mwana wa ulumali waukulu, komanso kandalama kowonjezera kwa wokalamba kapena wolumala amene akufunika womusamalira nthawi zonse. Kuno kwathu komwe, nthawi ya Covid-19, boma lidatumiza K35,000 pa mwezi kwa miyezi itatu kwa mabanja ovutika a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo zidadutsa pafoni. Njira yake mukuidziwa kale.

Malamulo nawonso alipo. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamalira aulumali ndi achikulire. Mu 2024 dziko lidalandira lamulo latsopano la anthu aulumali komanso lamulo loteteza achikulire. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Si onse ofunika kuwayang'anira usana ndi usiku, koma kumbuyo kwa aliyense amene akufunika chisamaliro chotere kuli munthu wina amene moyo wake waima. Ufulu wa wolumala kapena wokalamba wolembedwa m'lamulo umafika pathupi pake kudzera m'manja mwa munthu ameneyo.

Choncho, m'malo mwa anzanga ndi ine, ndikupempha izi:

1. Sinthani kawerengedwe ka Mtukula Pakhomo. Munthu amene akusamalira wodwala wa mgonagona kapena wa ulumali waukulu tsiku lonse asawerengedwe ngati wamphamvu wotha kugwira ntchito. Izi sizikufuna lamulo latsopano kapena ofesi yatsopano. Zikufuna funso limodzi lowonjezera pakaundula: pakhomo pano alipo amene sangasiyidwe yekha, ndipo akumuyang'anira ndani? Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera, amene makomo onsewa amawadziwa kale, achitire umboni pamodzi ndi amfumu.

2. Mabanja oterewa alandire ndalama yowonjezera pamwamba pa ya nthawi zonse, monga akuchitira anzathu ku Zambia, ndipo gawo lowonjezeralo lipite m'dzina la wosamalirayo, pafoni yake, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Matenda sadikira kaundula wa zaka zingapo, choncho pakhale njira yolembera banja pakati pa chaka ngati wina wagwa mwadzidzidzi.

3. Ndalama imeneyi ichokere m'thumba la boma, ikhale ndi mzere wakewake m'bajeti woti aliyense athe kuuona, ndipo iziunikidwanso chaka ndi chaka molingana ndi kukwera kwa mitengo.

4. Gadiyani mmodzi wa wodwala aliyense amene wagonekedwa kupitirira sabata azilandira chakudya kamodzi pa tsiku kuchipatala. Malo ogona magadiyani akhale ndi denga losadontha, madzi ndi zimbudzi zogwira ntchito. Aphungu, apa timveni: ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF zimamanga milatho ndi midadada ya sukulu, zikhozanso kukonza nyumba ya magadiyani pachipatala cha m'dera lanu.

5. Matewera a akuluakulu, magolovesi, klorini ndi mapepala oyala pabedi ziziperekedwa kuchipatala chaching'ono chapafupi kwa odwala olembedwa, ndipo msonkho uliwonse wotsalira pa zinthu zimenezi uchotsedwe. A fiziyo azifika kuzipatala zazing'ono pa masiku odziwika, ngakhale kamodzi pa mwezi.

6. Pa feteleza, chimanga ndi ntchito zachitukuko, wodwazika aloledwe kutuma munthu womuimira wodziwika kwa amfumu, kapena athandizidwe popanda kuima pamzere.

7. Aphungu muunikenso lamulo la ntchito kuti mukhale masiku a tchuthi chodwazika, ndipo sukulu zilamulidwe kutsata mwana aliyense amene wasiya kubwera chifukwa cha matenda a kholo, dzina lake lifike ku ofesi ya chisamaliro cha anthu mwezi usanathe.

Pa zonsezi, ngati mungathe chimodzi chokha chaka chino, chitani choyambacho. Chingalowetse mayi wobereka mwana wa zaka 11 uja pamzere womwe wakhala akuuonera patali.

Bungwe la United Nations lidakhazikitsa 29 October kukhala tsiku lokumbukira ntchito yosamalira anthu. Likadzafika, chonde musadzatiitanire kuhotela, sitingabwere, tilibe wotisiyira odwala. Tumizani anthu anu m'midzi adzalowe m'nyumba zathu, adzaone mphasa, zingwe zoyanikapo ndi miphika, adzalembe zomwe aona. Anzanga amene mukuwerenga muli pabenchi ya chipatala kapena pambali pa wodwala wanu, tumizani kalatayi kwa phungu wanu ndi khansala wanu, muonjezerepo nkhani yanu m'mawu anuanu.

Nduna ya Zachuma, tsiku lomwe mudzawerenge bajeti m'Nyumba ya Malamulo ndidzatsegula wailesi. Mwina idzakhala nthawi ya phala la mayi, ndiye ndidzaiika pawindo pafupi ndi matiresi awo, chifukwa ngakhale salankhula, amamva zonse. Tidzamvetsera limodzi ngati mawu akuti wodwazika adzatuluke pakamwa panu.

Ndine wanu mwaulemu,
Mwana wodwazika mayi ake, m'chigawo chapakati.